Tsiku Limene Mweetwa Sanaseke

Pa msika wa ziboliboli wa Mukuni Park, mu mzinda wa Livingstone, aliyense ankadziwa kuti Nasilele ndi mkazi wa Mweetwa, ndipo aliyense ankadziwanso kuti limenelo ndi bodza. Mweetwa anali Mtonga, mnyamata wamtali wosema mvuu, anyamalikiti ndi mbale za mtengo wa mlombwa. Nasilele anali Mlozi, wogulitsa madengu oluka ochokera kwawo ku Mongu. Malo awo ogulitsira anali ogundizana, pakati pawo pali chitenje chimodzi chokha cholendewera pa waya.

Tsono Mtonga ndi Mlozi ndi anthu a chimbuya. Akakumana amanyozana mpaka wodutsa n'kuyesa pabuka ndewu. Mlozi atha kulanda Mtonga chakudya chili kale pakamwa, Mtonga atha kutchula mtsikana wa Chilozi kuti ndi mkazi wake pamaso pa anthu, ndipo palibe mlandu. Lamulo lake ndi limodzi basi: zonse zithere m'kuseka. Wokwiya ndiye chitsiru, ndipo wozitenga ngati zenizeni ndi chitsiru choposa.

M'mawa uliwonse Mweetwa ankakankha chitenje chija n'kusuzumira.

"Mukazi wanga, wauka bwanji? Manzi yosamba unaniikira?"

"Kasambe ku dibi na ng'ombe zako," Nasilele ankayankha osatukula n'komwe mutu. "Ununkha mukaka wosasa kuchokera uko."

"Iwe, ulemu kwa bamuna bako! Nizakubweza ku Mongu ukagone mu bwato."

Apo ba Inyambo, mkulu wa Chilozi wogulitsa ng'oma kumapeto kwa mzerewo, amene anadziika yekha pa udindo wa apongozi, ankakuwa ali pampando wawo: "Mupongozi, ng'ombe zanga zili kuti? Mwana wanga sayenda mahala, opanda malowolo!" Anthu ankaseka, malonda n'kuyamba.

Chimene anthuwo sankadziwa n'chakuti Mweetwa anali atagwera m'mbuna yokumba yekha. Mtsikanayo ankamukonda zenizeni, chikondi chosowetsa tulo. Sankadziwa kuti zinayamba liti. Mwina ndi nthawi imene anadwala malungo, Nasilele n'kumugulitsira mvuu zake mpaka atachira, kenako n'kumunyoza kuti Mtonga amadwala akatalikirana ndi khola. Koma mnyamatayu, amene ankatha kugulitsa mvuu yolemera ngati mwala kwa mzungu amene wangolowa mumsika kudzathawa dzuwa, pa nkhani iyi yokha anali wamantha ochititsa manyazi. Chimbuya chinali pobisalira pabwino. Ankatha kunena kuti "nikukonda" tsiku lililonse, akumuyang'ana m'maso, n'kumva kukoma kwa mawuwo pakamwa, kenako n'kuseka, osaopa kukanidwa. Kumeneko kunali kudya kwa mbava, tinene zoona. Iye ankati adzanena bwinobwino tsiku lina, poti Nasilele sathawa. Paja Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Jonas anatulukira m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anali dalaivala wa minibasi yoyera ya loji ina ya m'mbali mwa Zambezi, ndipo masana aliwonse ankabweretsa alendo kuti adzagule zokakumbukira. Malaya ake ankakhala osita, nsapato zopanda fumbi, zomwe mu Livingstone wa Okutobala n'zofunika kuzifufuza. Sanali Mtonga, sanalinso Mlozi. Bambo ake anali a ku Chipata, mayi ake a ku Kitwe, iye wobadwira ku Maramba. Choncho analibe chimbuya chobisalamo, ndipo chimene wanena chinkakhala chomwecho. Ankati "ba Nasilele." Ankamubweretsera botolo la madzi ozizira a m'bokosi la alendo, Nasilele n'kumalandira ndi manja awiri.

Tsiku lina Mweetwa anali atakhala pansi kuseri kwa chitenje, akupaka mvuu polishi wa nsapato kuti iwale, pamene anamva Jonas akutsitsa mawu.

"Ba Nasilele, pa Sondo sinisebenza. Nenze kufuna tiyende ku Zambezi tikadye nsomba, ise babili chabe."

Burashi inaima m'dzanja la Mweetwa.

"Koma nifunseko, sinifuna ndewo na muntu," Jonas anapitiriza. "Aba ba Mweetwa, bantu bakamba ati..."

Nasilele anaseka. "Uja? Ni mbuya wanga chabe. Ni masewera."

"So muvomera?"

Mweetwa anamva kulira kwa dengu likusunthidwa pa thebulo.

"Nizakuyankhani mailo, mukabwera na bazungu banu."

Minibasi itapita, Mweetwa anapeza kuti wapaka polishi mpaka m'maso mwa mvuu ndi pa buluku lake lomwe. Mawu akuti "ni masewera" anamulasa, komatu analibe womudandaulira. Masewerawo anawayambitsa ndi iye, ndipo ankawathirira madzi m'mawa uliwonse. Tsopano anatsala ndi m'mawa umodzi wokha, Jonas asanabwere kudzatenga yankho lake la ulendo wa Lamulungu uja.

Ataweruka anapita ku Dambwa North kwa mnzake Chitalu, wometa tsitsi. Magetsi anali atazima monga mwa masiku onse, ndipo Chitalu anali pakhonde la shopu yake akuseweretsa foni. Ameneyu ankadziwika kuti ndi katswiri pa nkhani za akazi, ngakhale palibe amene anamuonapo akuyenda ndi mkazi. Anamvetsera nkhani yonse akugwedeza mutu ngati dokotala.

"Boi, vuto yako ni imodzi. Ukamba monga mudala wa kumunzi. Bakazi ba masiku yano bafuna malaini." Anayamba kupalasa foni ndi chala. "Yonse yali muno. Tizayasintha chabe kuti yankhale ya kuno. Mvera iyi: Sisi, ndiwe malaiti? Ndaba ukachoka, mu mutima mwanga ni lodishedingi."

"Azaseka," anatero Mweetwa.

"Ndiye vamene tifuna! Mukazi akaseka ninshi wagwa kudala. Iyi ina: Uli monga Mosi-oa-Tunya. Bantu bachoka ku Amereka kubwera kuona vamene ine niona mahala."

Yachiwiriyi, ya mathithi otchuka a pa Zambezi, inamugwira mtima Mweetwa, chifukwa inali yoona: iye ankamuonadi Nasilele mwaulere. Anaibwereza kangapo mpaka inakhazikika. Chitalu anamuphunzitsanso kaimidwe, dzanja limodzi m'thumba, ndi kutsitsa mawu ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Zonsezi zinali nzeru ndithu, koma za matenda ena. Chitalu sanamve kuti kuseka ndiye nthenda imene ikumudya mnzakeyo, ndipo Mweetwa, poti anali atasowa mtengo wogwira, anagwira womwewo.

M'mawa mwake anafika pamsika atavala malaya oyera a kutchalitchi. Sanasuzumire pa chitenje. Anazungulira n'kukaima kutsogolo kwa thebulo la Nasilele ngati kasitomala, dzanja m'thumba. Nasilele anali akuyala madengu, aang'ono kutsogolo, aakulu kumbuyo. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kuli maliro ya ng'ombe?"

Mweetwa anatsitsa mawu monga anamuphunzitsira Chitalu. "Nasilele, uli monga Mosi-oa-Tunya. Bantu bachoka ku Amereka kubwera kuona vamene ine niona mahala."

Nasilele anaphethira. Kenako anawomba m'manja.

"Ba Inyambo! Bwerani mumve, mupongozi wanu wagula mau yatsopano!"

Pamsika m'mawa, alendo asanayambe kufika, anthu amakhala ndi njala ya zoseketsa. Posakhalitsa mzere wonse unali utasonkhana: osema, amayi ogulitsa zitenje, anyamata a zibangili za mkuwa. Ba Inyambo anafika akukoka mwendo, ng'oma ili kukhwapa.

"Bwereza, mupongozi, bwereza!"

"Nili siriyasi," anatero Mweetwa, thukuta likutsika m'khosi mwa malaya oyera aja. "Nasilele, nifuna tiyende kwinakwake pa Sondo. Ine na iwe."

"Mwamvera? Ali siriyasi!" anakuwa ba Inyambo. "Lelo ni lelo. Bweretsani mukwati!"

Mayi wina anatsomphola chitenje chatsopano pa malonda ake n'kumufunditsa Nasilele kumutu. Nthungululu zinalira. Anyamata anathamangira pa malo a Mweetwa n'kutenga mvuu zake, kuzindandalika pansi pamaso pa ba Inyambo kuti ndizo ng'ombe za malowolo. Mkuluyo anaziyendera imodziimodzi, akuzitsegula pakamwa ngati akuona mano.

"Izi ng'ombe zilibe nyanga! Mutonga afuna kunibera!"

Msika wonse unagwa nacho chikhakhali. Mweetwa anayang'ana Nasilele. M'kati mwa chitenje muja munkaoneka maso okha, ndipo masowo anali pa iye, osaphethira. Mtsikanayo sankaseka. Apa ndiye panali poti munthu aime nji. Koma pakamwa pozolowera ndi pamavuto. Ba Inyambo atanyamula mvuu ina n'kuyamba kuikama, milomo ya Mweetwa inangotseguka yokha, mano onse pamtunda, ndipo anamva mawu ake omwe akuti, "Ba pongozi, izo ni ng'ombe za mu manzi, zoyenera Balozi!"

Anthu anakuwa. Nasilele nayenso anaseka tsopano, kuseka kokweza kuposa onse. Anavula chitenje chija, n'kuchipinda bwinobwino, kubwezera mwini wake, n'kubwerera ku madengu ake. Sanamuyang'anenso.

Dzuwa linakwera. Malata a msikawo anayamba kuthetheka, ndipo fungo la polishi linadzaza paliponse. Mweetwa anakhala pakati pa ziboliboli zake ngati nayenso ndi chosema. Mzungu wina wamkazi ananyamula nyamalikiti n'kumufunsa kuti ndi mtengo wanji umenewu, iye n'kungomuyang'ana mpaka mayiyo anaibweza n'kupita. Galimoto iliyonse yoyera ikamachepetsa liwiro pamsewu, ankasuzumira kuti aone ngati ndi Jonas. Anadzida yekha. Ankamva Nasilele kuseri kwa chitenje akunenerera malonda ndi mawu ake a masiku onse, ngati palibe chachitika.

Chakumasana anamuona akutuluka ndi ndowa kupita ku mpopi wa kuseri kwa msika, kukatunga madzi owaza pansi kuti fumbi lisadetse madengu. Mweetwa anadzuka n'kumutsatira. Kumpopiko kunalibe munthu, kunali agalu awiri okha atagona m'matope.

"Nasilele."

"Chani futi? Malaini yasila?"

"Osayenda na Jonas."

Nasilele anatseka mpopi. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Unamvera."

"Ninamvera."

"So Mutonga amvetsera na nkhani za bene."

Mweetwa anatsala pang'ono kuyankha mwa nthabwala, yankho linali litafika kale pa lilime. Analimeza. Nkhope ya Nasilele inali yoti sanaionepo, yopanda chimbuya ngakhale pang'ono.

"Nenze siriyasi kuseni," anatero. "Nikufuna, Nasilele. Kuchokera kudala."

"Wenze siriyasi?" Mawu a Nasilele anali otsika. "Nenze kukuyang'ana mu chitenge muja. Ninakamba mu mutima ati, lelo ngati saseka, ninshi ni zoona. Ninayembekeza. Unaseka, Mweetwa."

"Ba Inyambo benze..."

"Siya ba Inyambo. Uziba vamene wanichita iwe? Mwamuna akafunsa za ine pa maliketi pano, bamuuza ati ni mukazi wa Mweetwa, baseka, mwamuna uja ayenda osaziba ngati ni zoona olo ni boza. Sinili mukazi wako, sinili wa muntu aliyense. Nili chabe choseketsa cha pa Mukuni Park. Iwe ukamba ati nikukonda monga muntu ataya makoko ya nshawa. Ine niyenda ku nyumba, niganiza ati kapena lelo enze kutanthauza. Mailo yake ubwera, useka futi. Nalema, mwandi. Jonas anafunsa kamodzi chabe, ndipo ninaziba vamene afuna."

"Nenze kuyopa."

"Kuyopa chani?"

"Kuti uzakana."

"Iwe wenze kubisala mu chimbuya. Nanga ine nenze na chobisalamo chani?"

Madzi ankadontha kuchokera kumpopi kugwera m'ndowa. Mweetwa anachita manyazi aakulu, manyazi a munthu amene wazindikira kuti pamene iye ankadziteteza, mnzake ndiye ankalandira mikwingwirima.

"Manje nakamba," anatero. "Pa Sondo tiyende ine na iwe."

"Kuno ku pompi? Pamenso pa bagalu?" Nasilele ananyamula ndowa. "Awe. Unanisandutsa choseketsa paja, ukakambe paja. Pamenso pa ba Inyambo, pa Jonas, pa bonse. Osaseka olo pang'ono. Koma uzibe chimodzi. Ukachita ivo, chimbuya cha ine na iwe chafa. Nivomere olo nikane, sitizasewera futi. Ndipo sinikulonjeza kanthu."

Anapita, madzi akutayikira m'mbali mwa ndowa.

Mweetwa anabwerera pa malo ake. Anaona bwino lomwe chimene chili patsogolo pake. Akakhala chete, mawa adzasuzumiranso pa chitenje, adzanyozedwanso, ndipo adzakhala nako kachidutswa ka Nasilele kamene wakhala akudya zaka zonsezi, mpaka Jonas atamutengeratu. Akayankhula n'kukanidwa, ataya ngakhale kachidutswako. Adzakhala tsiku ndi tsiku kuseri kwa nsalu imodzi ndi munthu wosayankhulana naye, ndipo Livingstone yense adzamudziwa kuti ndi Mtonga uja anatenga chimbuya ngati chenicheni. Nkhani zotere sizifa. Adzaisimba ku Maramba, ku Libuyu, mpaka kumudzi kwa Mukuni kumene amakagula mitengo yosema. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, inde, koma nayo yotuluka masana akabawi amaiona.

Akali m'maganizo choncho, minibasi yoyera inakhota n'kuima pansi pa mtengo. Chitseko chinatseguka, alendo n'kuyamba kutsika ndi zipewa zawo zazikulu. Ogulitsa anadzuka onse, aliyense akuitanira ku malo ake. Jonas anatsika pomaliza. Anatsegula bokosi lija, n'kutulutsa botolo la madzi ozizira, n'kuyamba kuyenda molunjika kwa Nasilele, osafulumira.

Mweetwa sanadziwe kuti waima liti. Anangopezeka ali pakati pa njira, pakati pa Jonas ndi thebulo la madengu.

"Ba Inyambo!" anaitana. Mawu anatuluka okweza kuposa mmene ankafunira. "Bonse, mverani."

Mitu inatembenuka. Jonas anaima, botolo lili m'manja.

"Nasilele," anatero Mweetwa. Malaini onse a Chitalu anali atathawa m'mutu, ndipo zinali bwino kuti anathawa. "Nikupempha tiyende tikadye pamodzi pa Sondo. Nikukonda. Si chimbuya."

"Gawo yachibili!" anakuwa mnyamata wina wa zibangili, ndipo phwete linaphulika. Amayi anayambanso nthungululu. Ba Inyambo anabwera akuimba ng'oma, alendo nawo n'kusiya malonda, kutukula mafoni, poyesa ndi gule wowakonzera.

"Mupongozi wabwera na ng'ombe zenizeni manje?"

"Sinisewera, ba Inyambo."

"Sasewera! Onani nkhope monga ng'ombe yamene yamwa mankhwala!"

Kusekako kunamuzinga mbali zonse. Mweetwa anamva milomo yake ikukoka yokha, monga m'mawa muja. Analuma mkati mwa tsaya mpaka anamva kukoma kwa magazi. Maso ake anali pa Nasilele, amene anali chikhalire pa mpando wake, manja pa maondo, nkhope yosawerengeka.

Ba Inyambo anaona kuti nyama yalimba. Mwa chimbuya, mbuya wako akaumitsa nkhope umamuthira ufa kumutu mpaka aseke. Ufa panalibe, choncho mkuluyo anawerama pa malo a wosema wina, n'kutapa utuchi wodzaza manja awiri, n'kumukhuthulira Mweetwa pamutu. Utuchi unatsikira kumaso, m'makutu, m'khosi mwa malaya oyera aja, n'kumatirira pa thukuta.

"Seka, Mutonga! Seka!"

Anthu anagwira m'mimba. Mzungu wina anayandikira kuti ajambule bwino. Mweetwa sanaseke, sanakwiye, sanadzipukute n'komwe. Anangoima, utuchi ukumuyabwa m'maso, misozi ya utuchiwo ikutsika.

"Nasilele," anabwereza, tsopano motsitsa. "Nikupempha."

Kuseka kukatha pagulu sikutha nthawi imodzi. Anayamba kusiya ndi amayi a zitenje, amene anayang'ana Mweetwa, n'kuyang'ana Nasilele, mmodzi n'kugwira pakamwa. Kenako osema. Mnyamata wa zibangili anaseka yekha kanthawi, n'kuzindikira kuti ali yekha, n'kutsokomola. Ba Inyambo anatsala ataima ndi manja a utuchi, kumwetulira kukuuma pankhope pawo. Anatsitsa ng'oma pansi mosamala.

"Mwana iwe," anatero chapansipansi. "Ukamba zoona?"

"Zoona, ba tate."

Kunkamveka magalimoto a pamsewu basi. Alendo anatsitsa mafoni awo mmodzimmodzi, poona kuti ichi sichinali chawo.

Nasilele anadzuka. Anakonza chitenje chake m'chiuno, n'kutuluka kuseri kwa thebulo. Anayenda molunjika kwa Mweetwa. Koma atafika pa iye sanaime. Anamulambalala, phewa lake likukhudza dzanja la malaya a utuchi aja, n'kupita kwa Jonas.

Mweetwa sanatembenuke. Analibe mphamvu zake. Anayang'ana mpando wopanda munthu ndi madengu ondandalikidwa bwino, n'kudziuza kuti basi, zatha, wadzivula yekha pamsika. Kumbuyo kwake ankamva mawu a anthu awiri akuyankhulana motsitsa, osamveka chimene akunena. Nkhope za anthu amene anali patsogolo pake zinkayang'ana kumeneko, ndipo iye ankayesa kuwerenga pa nkhopezo, koma sizinamuuze kanthu. Anamva Jonas akuseka pang'ono, kuseka kwaulemu.

Kenako nsapato zopanda fumbi zija zinafika pambali pake. Jonas anamuyang'ana nthawi yaitali, munthu woyera ndi utuchi ngati wotuluka m'chigayo.

"Ba boyi," anatero Jonas, mawu ali owuma, "ine ninafunsa poyamba ngati pali muntu. Sembe munakamba kudala, simunanichititse nsoni so."

Sanadikire yankho. Anabwerera ku minibasi, n'kukhala pa chiwongolero, chitseko n'kutseka, akuyang'ana kutsogolo.

Nasilele anabwera n'kuima pamaso pa Mweetwa. Maso ake anali ofiira. Anagwira nsonga ya chitenje chake n'kuyamba kumupukuta kumaso, mwankhanza, ngati mayi wopukuta mwana amene wagwa m'matope atauzidwa kuti asathamange.

"Uli chipuba, Mweetwa," anatero. "Zaka zonse izi. Chipuba, chitsiru cheni cheni."

"Niziba."

"Uja ni muntu wabwino. Sananilakwire kanthu. Namukana chifukwa cha iwe, ndipo sinizibe ngati nachita bwino."

"Nizayesa kuti..."

"Nkhala zii. Sininasilize." Anamupukuta chikope china. "Pa Sondo, tikachoka ku chalichi. Uzabwera ku nyumba ku Dambwa North, uzagogoda pa geti monga muntu, uzapatsa moni bamayo. Pamene apo tizayenda."

Mweetwa anakhala pansi pomwepo, pafumbi, pakati pa njira ya makasitomala, n'kubisa nkhope m'manja. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Analira ngati mwana, mwamuna wamkulu, Mtonga, pamaso pa Alozi a msika wonse.

Alozitu sasiya Mtonga ngakhale pa maliro a mayi ake, amamuseka ali pamanda pomwe kuti chisoni chimupepukire. Mnyamata wa zibangili anatsegula pakamwa, nthabwala ili kale pa lilime. Ba Inyambo anamugwira pa mkono.

"Musiye," anatero mkuluyo. "Yendani mukagulitse."